Kapitawo Wakana Nyama ya a Elias

Mukatsika minibasi pa Lirangwe n'kulowera kumene amagulitsa mbuzi, mupeza kakhumbi ka malata adzimbiri, chipika chodulirapo nyama, ndi mkulu wina wamtali, wouma ngati phesi la chaka chatha, akunola mpeni womwe ndi wakuthwa kale. Amenewo ndi a Elias Kachiwanda, alamu anga. Anakwatira mlongo wanga Magret, malemu tsopano, ndiye ine ndili ndi chilolezo chowanena mmene ndingafunire. Iwo akamva amangoti, "Alamu, pakamwa panupo mpofunika kusoka," n'kupitiriza kunola. Amatero akudziwa kuti wosoka pamsika pano ndine ndemwe. Ndimasoka nsapato pakhonde la golosale yoyang'anizana ndi butchala yawoyo, moti moyo wawo ndauonera ngati mpira wa pabwalo la sukulu, kwaulere, ndili chikhalire.

Anthu a kuno akamva dzina la a Elias amayamba afunsa kaye za mphaka, za nyama pambuyo. Koma tiyambe ndi mwini wake, angadandaule.

Anabadwira kwa Chigaru, kumtunda kuja komwe mvula imachita kupemphedwa. Bambo awo anali ndi mbuzi zambiri koma mawu ochepa. Mwana akalakwa sankamufunsa kuti wachitiranji. Ankangoyang'ana kumene kuli mtengo wa bwemba, mwanayo n'kukathyola yekha kanthambi. A Elias anakula akudziwa kuti chinthu chilichonse, kaya ndi mbuzi kaya ndi mwana, chimawongoka ndi mkwapulo. Mpaka lero njinga yawo ikagwetsa tcheni amayamba aimenya kaye, kenako ndiye amawerama kuona chavuta.

Sukulu anangoilawa ngati mchere wa m'ndiwo. Atasinkhukirako anakalowa ntchito yonyamula zikwama pa bwalo la ndege ku Chileka. Ananyamula za opita ku Joni, za opita ku Ulaya, za azungu a mishoni, koma iwo ndege sanaikwerepo, ndipo kutali kumene anafikako ndi ku Mwanza, kumaliro. Msana utayamba kudandaula anasiya, n'kugula mbuzi imodzi, mpeni ndi sikelo yakale. Butchala inayamba choncho. Wozinga mbuzi anali a Yasin, ndipo ndi iwobe mpaka pano, kuti abale athu Achisilamu nawo azigula mosakayika. A Elias yawo ndi kusenda, kudula ndi kuyeza. Sikelo yawo sinama. Komanso siseka. Ukapempha banyira amakuyang'ana ngati wawatukwanira mayi awo.

Atakwatira Magret anabwera kwathu kudzakhala mkamwini. Ine ndinachenjeza makolo kuti mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka, koma uyu sanaterereke, anamera mizu. Magret ankagulitsa usipa ndi matemba pambali pa butchala pomwepo. Ana awo aamuna anapita ku Joni, amaimba foni pa Khirisimasi akakumbukira. Wotsala pafupi ndi Sylvia, chitsirizira.

Mphaka anabwera chifukwa cha makoswe, omwe ankaboola matumba a nsomba. Tsiku lina Magret anachokera kwa Kuntaja atafukata kamphaka kotuwa m'chitenje. Msika wonse unafa ndi phwete. Mphaka pa butchala! Kulemba fisi ntchito ya ulonda pakhola la mbuzi.

"Ndimuphunzitsa ine," anatero a Elias.

Maphunziro ake anali otere. Ankadula kanthuli ka chiwindi, n'kukaika pansi pafupi ndi chipika, kenako n'kutembenuka ngati akuyang'ana kasitomala. M'dzanja lamanja, kumbuyo, munali mkwapulo wa mphira, wodula ku chubu cha njinga. Kamphaka kakangoti kanunkhize, thyapu! Mawa lake ankaikapo usipa. Mkucha kanyenya wootcha kale, tsiku lina dzira. Chilichonse chotchedwa ndiwo chinali ndi mkwapulo wake. Kamphaka katayamba kuchenjera, a Elias nawo anachenjera. Anayamba kukanyengerera ndi mawu okoma amene ngakhale mlongo wanga sanawamvepo.

"Pusi, pusi. Idya. Ndi yako."

Kakakhulupirira, thyapu!

"Bambo a Sylvia," Magret ankatero ali pa nsomba zake, "mwamuitana nokha, mwamupatsa nokha, ndiye mukumumenyeranji?"

"Wakuba aliyense amachita kuitanidwa ndi nyama. Aphunzire kukana."

Ndipo anaphunziradi. Atakula ankakhala pansi penipeni pa mwendo wa mbuzi wopachika, magazi akudontha pafupi ndi mphuno yake, iye maso ali kumsewu ngati akudikira minibasi. Makondakitala ankatsitsa anthu kuti adzaone. Wina ankaponya nthuli dala, mphaka n'kuilambalala ngati munthu wovala nsapato zatsopano akulambalala matope. Tinamutcha Kapitawo, chifukwa ntchito yake inali kukhala pansi n'kumaonerera anzake akugwira ntchito. A Elias sanyada ndi zambiri. Sananyadepo ndi nyumba, sananyadepo ndi ana pagulu, koma mlendo akaima kudabwa ndi mphakayo, pakamwa pawo pankagwedera pang'ono. Kumeneko ndiye kuseka kwawo.

Mufunsa kuti nanga ankadya chiyani. Ali wamng'ono ankadzigwirira makoswe, ndipo pa makoswe panalibe lamulo. Zina zonse zinali malipiro a khalidwe labwino: sikono yonyika mu tiyi wa mkaka wothira shuga wosayeza, mandasi, mkute, tchipisi totsala pachiwaya. Munthu womana banyira uja, kwa mphaka dzanja linali lotambasuka.

Magret atatisiya, zinanyanya. Titawasudzula a Elias monga mwa mwambo, tinkayesa abwerera kwawo kwa Chigaru. Anati kumeneko akadziwa ndani, onse ali kumanda. Anapeza kanyumba kuseri kwa msika, n'kusamukiramo ndi mphasa, mipeni ndi Kapitawo. Kuphika sankadziwa, ndiye chakudya chawo chinali cha pa tiyirumu ya mayi Naomi: tiyi ndi sikono m'mawa, tiyi ndi sikono madzulo, theka iwo, theka mphaka. Iwo sananenepe, thupi lawo silimva chakudya. Kapitawo ndiye anafufuma ngati pilo. Makoswe ankadutsa pamaso pake n'kupereka moni. Madzulo ndikamatseka, ndinkawaona awiriwo akulowera kuseri kwa msika, wamtali patsogolo, wonenepa pambuyo, ndipo a Elias akuyankhula. Munthu wosayankhula ndi anthu uja, njira yonse akufotokozera mphaka za mitengo ya mbuzi.

Chaka chathachi Kapitawo anayamba kumwa madzi ngati ng'ombe. Ankamwa m'beseni lotsukira mipeni, m'ngalande, ngakhale m'chitini changa chonyikamo zikopa. Kukodza ndiye paliponse. Kudya ankadya kuposa kale, koma thupi linayamba kuphwa, msana n'kutuluka, miyendo yakumbuyo n'kumakhala ngati yobwereka. Woyamba kuzindikira anali mayi Naomi. Anaima ndi tsache pamalo pamene mphaka anakodza, n'kuitana.

"A Kachiwanda, tabwerani muone nyererezi."

"Nyerere n'zachilendo pa Lirangwe?"

"Zaunjikana pa mkodzo. Mphaka wanuyu ndi wa shuga. Malemu amuna anga zinkatere."

"Shuga ndi matenda a mabwana," anatero a Elias.

"Nanga mwamudyetsa ngati ndani?" ndinafunsa ine ndili pakhonde.

Nkhani inamupeza Sylvia. Iye amagwira ntchito pa bwalo la ndege lomwe lija, kuunika zikwama pa makina, ndipo amakhala ku Chileka komweko ndi mwamuna wake Martin, woyendetsa takisi. Anabwera Loweruka lina, anaona mphaka, anaona bambo ake, n'kuona kuti wodwala ndi mmodzi koma owonda ndi awiri. Anawakweza onse m'galimoto ya Martin kupita kwa dokotala wa ziweto m'tauni. Ine sindinapite, koma Sylvia anandifotokozera zonse. Adokotala anayeza magazi n'kunena kuti mayi Naomi sananame. Anapereka kabotolo ka mankhwala a shuga ndi majakisoni ang'onoang'ono, oti azimubaya pachikopa cha pakhosi m'mawa ndi madzulo akatha kudya. Kabotoloko kazikhala pozizira, ngati palibe fuliji ndiye mumtsuko wa mchenga wonyowa. Masikono ndi tiyi zithe, mphaka adye zaumphaka. Sylvia anali atawerenga pa foni kuti ena amadyetsa amphaka a shuga nyama yaiwisi, ndiye anafunsa. Adokotala anati n'zotheka ikakhala yaukhondo, koma asinthe pang'onopang'ono, kusakaniza ndi zimene anazolowera. Ndipo tsiku limene sanadye asamubaye, aimbe foni kaye.

A Elias anamva ziwiri: nyama yaiwisi, jakisoni kawiri patsiku. Zija za pang'onopang'ono ndi za kuimba foni anaziiwala m'galimoto ya Martin.

Anabwerako ali ndi mphamvu ngati mnyamata. Matenda ochizika ndi nyama, kwa munthu wa butchala! M'mawa mwake a Yasin atangozinga mbuzi, a Elias anapatula mtima, womwe masiku onse amausungira aphunzitsi aakulu, n'kuuduladula bwinobwino. Anagula mbale yatsopano ya pulasitiki m'golosale. Anaika mbaleyo pansi pafupi ndi chipika, n'kunjuta.

"Pusi, pusi. Idya. Ndi yako."

Kapitawo anayang'ana nyama. Anayang'ana dzanja lamanja la a Elias. Kenako anatembenuka, maso kumsewu.

Tinaseka, sindikana. A Yasin anaseka mpaka kukhala pa ndowa. Koma kuseka kunatha msanga, chifukwa mawa lake zinali zomwezo, mkucha zomwezo. A Elias anayesa chiwindi. Anayesa kuwiritsa nyamayo popanda mchere. Anayesa usipa, anayesa dzira. Ine ndinati tiyese mbewa, paja mphaka ndi mbewa anadziwana kalekale, ndipo tinagula zapampani kwa ogulitsa m'mbali mwa msewu. Koma zinadutsa m'manja mwa a Elias, zinatera m'mbale ya a Elias, ndiye kwa Kapitawo zinasanduka ndiwo. Ankakwawira pakhomo la tiyirumu n'kumalira ndi mawu osasa, kupempha sikono yake. A Elias analengeza msika wonse kuti amene amuponyere ngakhale nyenyeswa aonana naye. Mayi Naomi anapempha kuti mwina ayese kumudyetsa iwo kuseri.

"Wodwalayu ndi wanga," anatero a Elias.

Ndipo sankachokapo. Akaika mbale ankakhala pompo, maso pa mphaka, kudikira kuti aone ngati adye. Makasitomala ankaima mpaka kutopa n'kupita kwa ena. Nyama inkada pa mbedza, ntchentche zikuchita msonkhano.

Tsiku lina masana ndinasiya nsapato n'kuwoloka.

"Alamu, mphakayu akulemba mayeso."

"Mayeso a chiyani?"

"Anu aja. Akuona ngati mphira uli kumbuyoko."

"Mphira ndinataya Magret ali moyo. Zimenezo anaiwala."

"Mwaiwala ndinu. Msana wake sunaiwale."

"Ndi matendawa. Munthu wodwala safuna kudya. Inu mwakhala dokotala liti? Bwererani ku nsapato."

Ndinabwerera ku nsapato. Kukangana ndi a Elias kuli ngati kukankha khoma la tchalitchi, umangotopa wekha. Koma jakisoni ndiye sankaphonya. Dzuwa likamatuluka ankavundukula mtsuko, kukoka mankhwala, kutsina chikopa cha pakhosi, kubaya. Likamalowa chimodzimodzi. M'mimba mwa mphaka mulibe kanthu, iwo akubayabe.

"Adokotala anati kawiri," ankatero. Lamulo likalowa m'mutu mwa a Elias silituluka, ngakhale mutabwera ndi mwini wake amene analipanga.

Zinaphulika tsiku la msika, m'mawa, anthu ali pikitipikiti. Kapitawo anadzuka pansi pa mbedza n'kuyamba kuyenda ngati wochokera ku kachasu. Anagunda chipika, anagwa, anadzuka, anagwanso cham'mbali, miyendo ili njenjenje, maso ali tong'o osaona kanthu. A Elias anali akuyeza nyama ya mayi wina. Anaisiya pa sikelo pomwepo. Foni yawo anaitulutsa koma zala zinakana kupeza dzina, ndiye ndinaimba ndine. Sylvia anati tidikire, anaimbira adokotala, n'kutiimbiranso.

"Ankolo, apatseni ababa. Ababa, mwamubaya lero?"

"Ndamubaya."

"Anadya?"

"Sanadye."

"Mayo ine. Shuga watsika kwambiri. Sungunulani shuga m'madzi pang'ono, kapena uchi ngati ulipo, mumupake m'nkhama ndi chala. Musamumwetse, angatsamwe."

"Shuga? Wodwala shuga ndimupatsenso shuga?"

"Ababa, lero lokha musatsutse."

Mayi Naomi anabwera chothamanga ndi kapu. A Elias anakhala pansi m'fumbi, pakati pa msika, mphaka ali pamiyendo. Anayamba kumupaka m'nkhama ndi chala, madzi a shuga ambiri n'kuthera pa thalauza. Anthu anazungulira. Wina anati n'zamanyazi, ana akugona ndi njala kwinaku nkhalamba ikulirira pusi. Wina anati amphaka otere amakhala ndi ntchito zina, si mphaka wamba. A Yasin anawathamangitsa onse ndi ndowa. Patapita kanthawi kunjenjemera kunachepa, Kapitawo anaphethira, n'kunyambita chala cha a Elias. Martin anafika ndi takisi, atasiya anthu pa bwalo la ndege.

Adokotala anamuika madzi a m'botolo, n'kuchepetsa mankhwala. Sanakalipe, Sylvia akuti, anangofotokoza kuti mphaka akakhala osadya masiku angapo chiwindi chimawonongeka, ndipo uyu watsala pang'ono. Akapanda kuyamba kudya, palibe jakisoni amene angamusunge. Anati akhale kaye pafupi, kuti zikavuta afike naye msanga. Choncho Kapitawo anatsala ku Chileka kwa Sylvia, a Elias n'kubwerera ku Lirangwe okha.

Masiku amenewo butchala inkatsegulidwa mwa chizolowezi chabe. A Elias ankakhala pa chipika, foni ili m'dzanja, kuiyang'ana ngati mphika wochedwa kuwira. Ine ndinayesa kuwaputa, ndinati mwina tilembe mphaka wina ntchito, wakuba bwinobwino, kuti msika ukhale ndi nkhani. Anangopukusa mutu. Munthu ukamuputa osakubwezera, nawe umatopa.

Kenako foni inalira. Sylvia anali atadula nthutumba za nkhuku tizidutswa ting'onoting'ono, n'kuwazapo nyenyeswa za sikono, n'kuika pansi pa tebulo la kukhitchini. Iye anapita kukachapa. Pobwera anapeza mbale ili mbee. Tsiku lotsatira anachepetsa nyenyeswa, mbale mbee. A Elias anaimirira pakati pa msika n'kukuwa, "Wadya!" Amayi a tomato anaombera m'manja osadziwa kuti wadya ndani.

Lamulungu lotsatira, titatuluka m'tchalitchi, anandipeza.

"Alamu, tiyeni ku Chileka. Tikamutenge."

Ananyamula katoni yoboola mabowo ndi kaphukusi ka mtima wa mbuzi. Ine ndinavomera, minibasi yolipiriridwa sindikana. Tinatsika pa Kameza, n'kukwera ina ya ku Chileka, tonse titapanikizidwa ngati matumba a makala. Njira yonse a Elias ankafotokoza kuti vuto linali mbuzi. Mphakayu amafuna nkhuku, basi. Kuyambira mawa azigula nthutumba.

Tinafika nthawi yomwe Sylvia anali atangoika mbale. Chitseko cha kukhitchini chinali chotsegula, ndipo ndinamuona Kapitawo pansi pa tebulo, wowonda koma mutu uli m'mbale, akutafunira mbali imodzi ngati nkhalamba. A Elias anatsokomola pakhomo.

"Odi kuno!"

Nthuli inagwa kuchoka m'kamwa. Mphaka anabwerera m'mbuyo, anakhala tsonga, n'kutembenukira kukhoma.

A Elias anagwada, mawondo akulira ngati chitseko chakale. "Idya, mwanawe. Ndi nkhuku imeneyo. Ndi yako." Anakankhira mbale pafupi. Mphaka anatseka maso n'kukhwinyata msana, kudikira.

"Ababa, tiyeni pakhonde," anatero Sylvia.

Tinakhala pakhonde. Martin anatulutsa mipando ndi madzi akumwa. Patapita nthawi tinamva mbale ikukhwekhwereza pa simenti, khwe, khwe, khwe. A Elias anadzuka kuti akasuzumire. Phokoso linasiya. Anabwerera pampando, linayambanso. Anayesa kachiwiri, akuyenda chonyang'ama atavula nsapato. Chimodzimodzi.

Atamaliza kudya, Kapitawo anatuluka yekha, akudzikoka ndi miyendo yake yobwereka ija. Anatidutsa tonse, Sylvia amene amamudyetsa, ine amene ndinamugulira mbewa, n'kukadzikhuza pa mwendo wa a Elias. Anayesa kudumpha, analephera, a Elias n'kumunyamula. Anadzipinda pamiyendo pawo n'kuyamba kulira kwa m'khosi kuja kwa mphaka wokhutira.

"Mwaona?" anatero a Elias. "Akufuna kwawo. Martin, tandipatsira katoniyo."

Martin anayang'ana mkazi wake. Katoni sanaikhudze.

"Ababa, mukamutenga, mukamukwirira sabata yomweino," anatero Sylvia.

"Wayamba kudya."

"Akudya kuno. Inu mukakhalapo sadya. Mwaona nokha."

"Ndiye ine ndine mfiti?"

"Sindinatero."

"Ndamulera ine mphaka ameneyu. Ndagona naye nyumba imodzi chimwalirireni mayi ako. Ndamumana chiyani? Lero andiope ngati chilombo?"

"Sakudanani nanu, ababa. Taonani pamene wagona. Kungoti pamaso panu chakudya sichitsika." Sylvia anayang'ana pansi, n'kukonza chitenje chomwe chinali chokonza kale. "Inenso ndinkakhuta mukapita kumsika."

Ndege ina inali ikunyamuka, ndiye kwa kanthawi panalibe woti n'kumva mnzake, ndipo tonse tinaithokoza mumtima. Itapita ndinati ndipeputse zinthu. Ndinati nanenso alamu akandiyang'ana singano imandibaya. Palibe anaseka, ngakhale Martin amene amaseka zilizonse.

A Elias anakhala nthawi yaitali akusisita mphaka kumsana, pamalo pomwe mafupa anatuluka. Sanamuyang'ane Sylvia. Kenako anafunsa, mawu ali pansi, ngati mankhwala akuwasunga pozizira. Sylvia anati ali mufuliji. Anafunsa kuti magetsi akazima amatani. Sylvia anati Martin anagula mtsuko. Anafunsa ngati amayamba waona kuti wadya asanamubaye.

"Eya, ababa."

"Uziyamba waona," anatero, ngati lamulolo analipanga ndi iwo.

Anapereka kaphukusi ka mtima wa mbuzi kwa Sylvia. Anamuuza kuti autsuke kaye bwinobwino, usamveke manja awo. Ananyamula mphaka pamiyendo n'kumuika pampando pomwe anakhala, potentha. Katoni tinabwerera nayo yopanda kanthu, ndipo kondakitala anafuna kutilipiritsa malo ake. A Elias sanakangane naye. Ndinakangana ndine.

Kapitawo ali moyo. Sananenepenso ngati kale, koma miyendo yabwerera pang'ono, ndipo Sylvia akuti adokotala achepetsanso mankhwala. Amadya nkhuku, amadya mtima wa mbuzi umene a Elias amatumiza ndi Martin akadutsa pa Lirangwe. Aphunzitsi aakulu anadandaula kuti mtima sukupezekanso, a Elias anawauza kuti mbuzi za masiku ano zikubadwa zopanda mitima.

Lamulungu lililonse akatuluka m'tchalitchi amakwera minibasi ziwiri zija. Koma safikira kunyumba. Anagwirizana ndi Sylvia kuti azitsikira pa siteji, n'kudikira mpaka mphaka amalize kudya, Sylvia n'kuwaimbira kuti bwerani. Ndinawaperekezanso Lamulungu lapitali. Tinakhala pa benchi ya mayi wogulitsa mayunitsi, pansi pa mtengo wopanda mthunzi wokwanira anthu awiri. Dzuwa la ku Chileka mukulidziwa. Ine matako anatopa, m'mimba munayamba kulira, foni ili zii.

"Alamu, taimbani. Mwina aiwala kuti kunja kuno kuli nkhalamba ziwiri zikupsa."

"Ayi. Ikalira foni m'nyumbamo adziwa kuti ndine."

"Mphaka adziwe kulira kwa foni?"

"Simumudziwa inu."

Wa kabaza wina amene anationa titakhala kuyambira kale anaima patsogolo pathu.

"Madala, tikuperekezeni? Kapena mwasochera?"

"Pita, mwana wanga," anatero a Elias, maso ali pa foni. "Tikudikira wina amalize kudya. Amadya mochedwa. Asafulumire."